Suti Yakuda ku Coolock

Lachiwiri limenelo mkazi wanga Cecilia, amene ine ndinkamuitana Nankhoma, ankadikira kuti ketulo iwire. Anthu ena podikira ketulo amatsamira khoma. Iye anali atatangaza miyendo pakati pa khitchini, mawondo atapinda, msana uli chilili, zibakera zili m'chiuno, ngati munthu amene wakhala pa mpando koma mpandowo wina wabwereka. Khitchini ya fulati yathu ku Dublin 8 inali yaing'ono moti kuti ndifike pa firiji ndinachita kudumpha mwendo wake.

"Kodi hatchi mwakwerayo ifika nthawi yanji?" ndinamufunsa.

"Sekani, aphunzitsi. Inuyo simungathe ngakhale mphindi imodzi."

Ankanditchula aphunzitsi chifukwa ndinaphunzitsapo mbiri yakale ku sekondale ku Zomba ndisanamutsatire kuno, kumene iye anali namwino ndipo ine ndinkasambitsa agogo a eni ake m'nyumba yosamalira okalamba.

"Sabata yamawa tipitira limodzi," anatero. "Ndinawalonjeza a Sifu kuti ndidzabwera nanu."

"Mumalonjeza bwanji miyendo ya munthu wina?"

Ketulo inawira. Anadzuka pa hatchi yake, nathira madzi m'makapu awiri, ndipo tinamwa tiyi tikukambirana za babu la m'bafa limene linali litapsa. M'mawa mwake anagwa pamalo okwerera basi. Madokotala anati mtsempha unaphulika m'mutu. Anamwalira Lachinayi, ndipo tinakamuika kwawo ku Dedza.

Za zimenezo ndilekera pomwepa. Nkhani imene ndikufuna kukuuzani, anzanga, ndi yoseketsa. Anthu amene ndinawauzapo anaseka, ndipo inenso ndinaseka nawo.

Nditabwerako kumudzi ndinayamba kutseka nkhani zake imodzi imodzi. Ku parishi ankadziwa, ku ntchito kwake ankadziwa, ku banki ndinapita ndi mapepala. Tsiku lina m'chikwama chake cha masewera ndinapezamo zibangili zinayi zachitsulo, zolemera, chimodzi chili ndi kapepala komata: za sukulu, bwezani. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti pali anthu ena amene palibe anawauza. Cecilia anayamba kupita ku sukulu imeneyo msana utamuvuta ndi kunyamula odwala. Ankaphunzira nkhonya zachitchaina zotchedwa Hung Gar kwa mkulu wina wa ku Hong Kong, amene onse ankangomutchula kuti Sifu, ndiye kuti mphunzitsi amene alinso ngati bambo. Zaka ziwiri ankapita, zaka ziwiri ine ndinkaseka.

Pulani yanga inali yosavuta. Ndikwera basi, ndikabweza zibangili, ndikanena ziganizo zitatu zimene ndinalemba m'Chingerezi pa kapepala, ndikabwerera. Ndinavala suti yanga yakuda, chifukwa uthenga wa maliro sumapita nawo utavala juzi. Ndipo inu mukudziwa momwe tinaleredwera. Uthenga wotere suukuwa uli pakhomo, nsapato zili kuphazi. Umalowa, akupatse mpando, akulonjere, akufunse za kumene wachokera, ndiyeno ukatsitsa mawu n'kunena. Ndinkaganiza kuti dziko lonse limadziwa zimenezi. Ndani sapereka mpando kwa munthu wa suti yakuda?

Inali nthawi ya recession, chuma cha dzikolo chitagwa, ndipo ku Coolock, dera la mafakitale la ku Dublin komweko, khomo lililonse lachiwiri linali ndi chikwangwani chofuna wochita lendi. Sukuluyo inali m'chinyumba chimene kale ankagulitsiramo matailosi. Inali 10 koloko m'mawa, Lachiwiri, koma munali amuna khumi ndi awiri, zimphona za anthu, omanga nyumba ndi apulasitala amene ntchito zawo zinatha pamodzi ndi makrini okwezera katundu pomanga nyumba mumzinda. Ndinayang'ana uku ndi uku. Munali ng'oma yaikulu, mikondo ndi ndodo zitatsamira khoma, kashelefu ka zithunzi za nkhalamba zachitchaina ndi malalanje atatu. Mpando munalibe ngakhale umodzi.

Ndisanatsegule pakamwa, bambo wina wofiira nkhope, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi Declan, anaona zibangili m'manja mwanga.

"Anyamata, taonani amene wabwera. Mwamuna wa Cecilia! Anatiuza kuti adzakukoka ndi khutu, bwanawe. Khutu lake ndi liti?"

Onse anaomba m'manja. A Sifu anabwera, kamunthu kakafupi ka zaka pafupifupi 70, mikono ngati mitengo ya mlombwa. Anandiyang'ana kuyambira tayi mpaka nsapato.

"Mwachedwa ndi zaka ziwiri," anatero. "Vulani nsapato."

Ndinavula. Ndinkati mwina mpando uli m'kati. Anandivula jekete, nalikoloweka pa msomali. Ndinkati amenewa ndiwo malonje ake. Anandiveka zibangili zija m'mikono, ziwiri uku ziwiri uku, anakankha phazi langa ndi lawo mpaka miyendo inatangaza, nandikanikiza paphewa kuti nditsike. Ndinatsika. Munthu wamkulu akakukanikiza paphewa m'nyumba mwake, umakana bwanji?

Kenako anayatsa kamtengo ka lubani, nakazika m'chitini cha mchenga. Kameneko ndiko kanali wotchi yawo. Kakayaka, aliyense amakhala pa hatchi, kaimidwe kaja ka Cecilia m'khitchini, ndipo sadzuka mpaka katatha, kapena mpaka miyendo yake itamukana. Tinakhala tonse mizere itatu, ine ndili kutsogolo ndi tayi yanga, ndipo a Sifu ankayenda pakati pathu manja ali kumbuyo, akufotokoza. Ankati kwa makolo awo ku Guangdong wophunzira watsopano ankatha chaka chathunthu, ena zaka zitatu, akungokhala chomwechi, osaphunzitsidwa nkhonya ngakhale imodzi. Ankati nyumba imayamba ndi maziko, ndipo omanga nyumba aja ankang'ung'udza kuti zimenezo akanawauza mabwana awo.

Ine sindinkamva bwino. Fungo la lubani linali lomwe lija la pa Misa ya maliro, ndipo ndinkalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, ntchafu ndi maso. A Sifu anaima kumbuyo kwanga.

"Tsikani pang'ono."

Ndinatsika pang'ono. Buluku la suti silinasokedwere zimenezo. Linang'ambika kuyambira pa lamba wakumbuyo mpaka kutsogolo, ndi phokoso ngati la wogulitsa nsalu akudula mayadi awiri pa msika. M'chinyumbamo munali zii, ndiye aliyense anamva. Ndipo ine, m'malo moimirira, ndinaganiza kuti ndikapanda kusuntha mwina aganiza kuti ndi wina. Ndinakhalabe pa hatchi, maso kutsogolo, nkhope ya mphunzitsi woyang'anira mayeso, mizere iwiri ya anthu ili kumbuyo kwanga.

"Mwamuona uyu?" anatero a Sifu. "Nyumba yagwa, iye sanadzuke. Uyu ali ndi mtima."

"Tikuuona mtimawo, Sifu," anatero Declan. "Ndi wamizeremizere."

Apo miyendo inanjenjemera kotsiriza n'kundisiya. Ndinagwa chagada, mutu n'kugunda ng'oma ija, imene inalira kamodzi ngati ikulengeza. Amuna khumi ndi awiri anagwa pa mahatchi awo ndi chiseko. Ndinakhala tsonga pa simenti, manja ataphimba pamene akanatha kuphimba, ndipo a Sifu ananjuta patsogolo panga, akupukuta misozi ya kuseka.

"Nanga Cecilia ali bwanji? Miyezi iwiri sitinamuone."

Taonani tsopano. Ndinali nditakhala pansi. Mwini nyumba anali atandifunsa za kumene ndachokera. Zonse zimene ndinkadikira zinali zitakwana. Koma ndikanatchula bwanji imfa yake ndili chomwecho, pakati pa anthu akugubuduka, kabudula wam'kati ali pamtunda? Sindinaganize n'komwe. Pakamwa panayankha pokha, monga pakhala pakuyankhira kuyambira ndili mwana aliyense akandifunsa za kunyumba.

"Ali bwino, zikomo."

"Mumuuze kuti hatchi yake ikumudikira."

Ndinabwerera pa basi jekete nditamanga m'chiuno. Ndinapita kukabweza zibangili zinayi, ndinabwerako ndi zisanu ndi chimodzi, chifukwa a Sifu anawonjezera ziwiri kuti ndizikayeserera kunyumba.

Sabata yotsatira ndinapitanso kuti ndikakonze cholakwacho. Ndinavala thirakisuti imene ndinagula dzulo lake. Mundifunsa kuti munthu wopita kukapereka uthenga wa mphindi ziwiri amaguliranji thirakisuti. Inenso ndinadzifunsa, ndili kale pa basi.

Tsiku limenelo, lubani akuyaka, a Sifu anafotokoza kumene Hung Gar inachokera. Ankati kum'mwera kwa China kunali kachisi wa amonke odziwa kumenya, ndipo asilikali a mfumu anamutentha. Mmodzi wa amene anathawa anali wogulitsa tiyi, amene anaphunzira kwa mkulu wa amonkewo nkhonya za kambuku, zolimba, zobwera ndi thupi lonse. Munthuyo anakwatira mkazi wodziwa kamenyedwe ka mbalame ya miyendo yaitali yonga kakowa, kopepuka, kozemba ndi kujompha. Awiriwo anaphatikiza zimene ankadziwa, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero kambuku ndi mbalameyo amaphunzitsidwa pamodzi.

Munthu wanzeru akanangomvera. Koma ine sabata imeneyo ndinali nditapita ku laibulale, poti mphunzitsi safa msanga mwa munthu. Ndili pa hatchi, thukuta likudontha pachibwano, ndinakweza chala.

"Pepani, Sifu. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amakayika ngati kachisi ameneyo analikodi."

A Sifu anabwera pang'onopang'ono.

"Akatswiri anuwo analipo?"

"Ayi."

"Ntchafu zanu zikuwawa?"

"Zikuwawa."

"Ndiye chinachake chinaliko."

Anapita pa chitini chija n'kuyatsa kamtengo kachiwiri koyamba kasanathe, ka tonse. Declan analankhula mano atalumana: "Pulofesa, ukadzawerenganso buku, ndidzakumangira m'khoma." Dzina la Pulofesa linakhala kuyambira pamenepo. Ndipo munthu amene wangolangitsa anzake khumi ndi awiri sangaime n'kunena kuti, pepaninso, ndili ndi chilengezo. Ndinati ndidzanena sabata yamawa.

Sabata yamawayo anandiphunzitsa kugunditsana mikono. Anthu awiri amaima moyang'anizana n'kumamenyetsa mikono yawo, pansi, pamwamba, pansi, mpaka mafupa atazolowera. Anandipatsa Declan, amene anagwira njerwa zaka makumi awiri. Pomaliza mikono yanga inali ngati mabilinganya, ndipo a Sifu anandipaka mankhwala akuda onunkha ngati kachasu woviikamo mizu, amene ankapanga okha. Kenako anandipatsa kabotolo kena.

"Aka ndi ka Cecilia. Dzanja lake lamanzere limamuvuta pakazizira."

Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Za dzanja limenelo ine sindinkadziwa.

Bodza limafuna chakudya sabata iliyonse. Poyamba ndinati ali pa mashifiti ovuta. Kenako ndinati wapita ku Malawi kukadwazika mayi ake. Ankandifunsa za apongozi angawo, amene anamwalira kalekale ndisanakwatire n'komwe, ndipo ine ndinkawachiritsa pang'ono sabata ino, n'kuwadwalitsanso sabata inayo. Ndinakaulula zonsezi kwa wansembe wathu wachimalawi, amene anangoti, "A Mbewe, pitani mukawauze anthuwo." Ndinapita. Ndinaphunzira chikhatho cha kambuku.

Ndiyenera kunena chilungamo, poti mwandimvera mpaka pano. Si manyazi okha amene ankanditseka pakamwa. Kwina kulikonse mu Dublin anthu akandiona ankatsitsa mawu. Ku tchalitchi amayi ankandigwira dzanja nthawi yaitali. Koma ku Coolock, ola limodzi ndi theka pa sabata, anthu ankamutchula Cecilia akuseka, ndiponso ankamudandaula ngati munthu amene abwera mawa. Ankati iye yekha ndiye ankatha lubani yense osadzuka, ndipo akamaliza ankayang'ana zimphona zija zili gonegone pansi n'kufunsa ngati pali wofuna namwino. Ankati tsiku lina anamugwetsa Declan ndi phazi limodzi, n'kumuyeza kuthamanga kwa magazi ali pansi pompo. Ankati ankandinena kawirikawiri.

"Ankanena zotani?"

"Ankati mwamuna wake amadziwa chaka chimene mfumu iliyonse inafa, koma sadziwa kumene kumakhala supuni."

Zaka makumi awiri ndi chimodzi ndinakhala ndi mkazi wofatsa, wa kwaya, wosakweza mawu. Uyu wogwetsa omanga nyumba ndinakumana naye atapita kale, ndipo ndinkapita Lachiwiri lililonse kukamumva. Ndinkadziwa kuti ndikuwabera anthu aja. Anali anzake, ndipo anayenera kumulira. Declan akanabwera ku Misa, ndikudziwa, akanavala tayi yomuthina n'kuima kumbuyo. Ndinawamana zimenezo miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pa hatchi ndinafika mphindi zisanu ndi imodzi.

Kenako banki inalanda chinyumba chija kwa mwini wake. Mwana wa a Sifu anali atapita kale ku Australia kukafuna ntchito, ndipo anawaitana kuti amutsatire. Lachiwiri lomaliza sitinaphunzire. Ng'oma ndi zithunzi zinali zitalongedzedwa. Munthu wina anabwereka mipando ya pulasitiki ku holo ya parishi, ndipo a Sifu anaphika tiyi wachitchaina m'timakapu topanda zogwirira. Ndinakoloweka jekete pa msomali uja, ndinapatsidwa mpando, ndinapatsidwa tiyi. Panalibe woseka. Buluku langa linali lathunthu. Kapepala ka ziganizo zitatu kanali m'dzanja langa, katafewa ngati nsalu. A Sifu analemba adiresi ya aliyense m'kabuku, ndipo atafika pa ine anakhala pa mpando woyandikana nane.

"Pulofesa, sindingachoke osatsanzikana ndi wophunzira wanga wabwino koposa. Muimbireni foni. Ndilipira ine."

Anzanga, apa panalibenso chobisalira. Ndinangoyenera kutsegula dzanja n'kuwerenga. Ndinatulutsa foni yanga n'kuimba nambala yake.

Inayamba kulira pa msomali. Kanyimbo ka kwaya kamene iye anaika, kakutuluka m'thumba la jekete langa, m'chinyumba chopanda kanthu chimene chinkakuza phokoso lililonse. Foni yake ndinkayenda nayo. Ndinkaitchaja tsiku lililonse ndi kuithira mayunitsi. Musandifunse chifukwa chake.

"Pulofesa," anatero Declan, "jekete lako likuimba."

"Anaiwala foni popita ku Malawi," ndinatero.

"Miyezi inayi yapitayo? Ndipo iwe ukuyenda nayo, yotchaja?" Anayang'ana anzake, nkhope ikuyamba kuwala. "Anyamata, Pulofesa ndi wansanje. Akudikira kuti aone amene aimbe."

Chiseko chinaphulika. Wina anati nambala yake ndiifufute msanga, wina anati n'chifukwa chake ndinabwera kudzaphunzira nkhonya, kuti ndidziwe woti ndiyambe naye. Ndipo ine ndinaseka nawo, ndinagwedeza mutu, ndinakweza manja ngati wogwidwa. Anandipatsa mayina awiri oti ndisankhe, wamasiye kapena mwamuna wansanje wofufuza foni ya mkazi wake, ndipo pamaso pa anthu khumi ndi atatu ndinasankha lachiwirilo.

A Sifu sanaseke. Anayang'ana jekete, anayang'ana ine, kenako anatenga foni m'dzanja langa n'kuiika kukhutu. Kulira kunatha, ndipo ndinamva patali mawu a Cecilia akunena m'Chingerezi kuti sangathe kuyankha pakali pano, musiye uthenga. A Sifu anaimirira, anapita chakukhoma kumene kunali kashelefu kaja, ndipo analankhula nthawi yaitali, motsitsa, m'chinenero chawo cha Chikantoni. Cecilia m'chinenero chimenecho ankangodziwa kuwerenga mpaka teni. Atamaliza anandibwezera foniyo ndi manja awiri.

"Musasiye hatchi," anatero. "Tsiku lililonse, ngakhale pang'ono."

Ndinati zikomo. Tinapinda mipando. Declan anandimenya pamsana n'kundiuza kuti ndimupatse moni mayiyo, ndipo ndimukhulupirire pang'ono, ndi mkazi wabwino. Ndinati ndikamuuza. Ndinamva kuti iyenso anapita ku Canada chaka chomwecho, ndipo ngati amandikumbukira, amandikumbukira monga munthu wa kabudula wamizeremizere amene ankalondalonda mkazi wake.

Ndiye ndinalumbira, ndipo inu mukhale mboni. Ndikadzatumidwanso uthenga wa maliro, kwa Mtchaina, kwa Mwairishi, ngakhale kwa bishopu, ndidzaunena ndili pakhomo, nsapato zili kuphazi, chipewa chili kumutu, ngati wapolisi. Anene kuti sindinaleredwe. Ndipo munthu akadzandiuza kuti nditsike pang'ono, ndidzayamba ndafunsa telala.

Sindinawalembere a Sifu. Chaka chatsopano cha Atchaina chitafika, panabwera khadi lochokera ku Perth, ku Australia, lolembedwa ndi dzanja lawo. Pa envelopu panali dzina langa lokha.